Anasiya yekha, kapena anamusiyitsa?

Pa madandaulo a ntchito amene amamveka pa Mzimba Boma, pali limodzi limene limayenda njira yofanana nthawi zambiri. Munthu ndi mlonda, wogulitsa m'sitolo, wothira mafuta pa filling station, kapena mphunzitsi pa sukulu ya pulaiveti. Kontrakiti yake ikuti akakwanitsa zaka ziwiri adzalandira gratuity. Kutatsala miyezi iwiri kapena itatu kuti zakazo zikwane, mphepo imatembenuka. Bwana amene ankamuyamikira wayamba kumupezera zifukwa. Malipiro ayamba kuchedwa kwa iye yekha. Wasamutsidwa mwadzidzidzi kuchoka pa Boma kupita ku Jenda popanda nyumba kapena ndalama ya ulendo. Kenako tsiku lina akuitanidwa mu ofesi.

Mu ofesimo mumakhala bwana, wina wosunga mabuku a ndalama, ndi iye. Pa tebulo pali pepala lotaipidwa kale, m'Chingerezi, pomwe kukambirana konse kukuchitika m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Mawu ake amakhala ofatsa, okhala ngati achifundo: bambo, katundu wasowa pa shifiti yanu, ife sitikufuna kuti mukagone ku polisi, sainani apa kuti mwasiya nokha, tikupatsani malipiro a mwezi uno ndi kalata yabwino yokafunira ntchito kwina. Munthu ali ndi ana kusukulu, lendi ya nyumba ikumudikira, ndipo selo sanalowemo chibadwire. Amatenga cholembera. Akadzabwera patapita sabata kudzafunsa za ndalama zake, yankho limakhala lalifupi: munasiya nokha, ndipo nthawi simunakwanitse.

Kodi yankho limenelo ndi loona? Malamulo a dziko lino sakuvomereza kuti siginecha yokha ndiye yathetsa nkhani. Chimene amafunsa choyamba n'chakuti ndani kwenikweni anathetsa ntchitoyo. Koma malamulo omwewo amasenzetsa wantchito katundu wolemera, ndipo ambiri amagonja asanafike n'komwe pa khomo la khoti. Kuti timvetse bwino, tiyambe tasiyanitsa ndalama zimene anthu amangozitchula pamodzi kuti “ndalama zanga za ntchito”, chifukwa iliyonse ili ndi malamulo akeake, ndipo kusiya ntchito sikuzikhudza mofanana.

Yoyamba ndi severance allowance, ya mu ndime 35 ya lamulo la Employment Act la chaka cha 2000. Lamuloli litasinthidwa mu 2010, ndalamayi inatsala ya anthu amene ntchito yawathera chifukwa kampani yachepetsa antchito, yakumana ndi mavuto a zachuma kapena yasintha kayendetsedwe kake, komanso amene achotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Kawerengedwe kake n'kotere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufika cha 10, ndipo masabata anayi pa chaka chilichonse kupitirira pamenepo. Mawu oti “chathunthu” ndiwo ofunika. Wagwira miyezi 11 alibe chaka choti amuwerengere. Wagwira zaka zinayi ali ndi malipiro a masabata 8, pafupifupi a miyezi iwiri. Wagwira zaka 12 ali ndi masabata 33. Apa mukhoza kuona chifukwa chake bwana amene akufuna kuchepetsa antchito amalakalaka kalata yoti munthu wasiya yekha: pepala limodzi limafafaniza ngongole yonseyo.

Yachiwiri ndi gratuity ya lamulo. Pamene dziko linakhazikitsa penshoni yokakamiza mu 2011, magulu ena anapatulidwa, monga antchito a m'nyumba ndi ogwira ntchito za nyengo. Kwa olemba ntchito amene sakukakamizidwa kupereka penshoni, lamulo linaika gratuity m'malo mwake: 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse wathunthu umene munthu wagwira, bola akhale atagwira miyezi itatu yotsatizana. Wolandira K100,000 pamwezi akusungiridwa K5,000 mwezi uliwonse, ndipo pa zaka ziwiri ndi K120,000. Ndime ya gratuity imeneyi simangirira ndalamayo pa zifukwa zochepa monga ichitira ya severance. Imakamba za munthu kupuma, ntchito kutha, kapena imfa. M'kuona kwanga, bwana amene akukana gratuity ya mtundu uwu ponena kuti munthu anasiya yekha alibe poimira. Ndipo nthawi yoyenereza ndi yaifupi kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Amayi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za pa Boma amachoka patatha zaka zitatu kapena zinayi atangolandira chitenje ndi ndalama ya basi, osadziwa kuti anali ndi chawo.

Yachitatu ndi penshoni, ndipo tingoidutsa mwachidule, popeza nkhani yake ndi yomveka. Wolemba ntchito amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo ndalamazo zimakhala mu akaunti ya dzina la wantchito. Asiye yekha, achotsedwe, akangane ndi bwana, ndalamazo ndi zake. Vuto la kumeneko ndi lina: mabwana amene amadula 5 peresenti pa malipiro koma osaitumiza ku kampani yosunga penshoni. Dandaulo lotere limapita kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Ndalama imene imaliritsa anthu kwambiri ndi yachinayi, gratuity ya mu kontrakiti. Iyi siichokera ku Nyumba ya Malamulo, imachokera pa zimene awiriwo anagwirizana. Mabungwe omwe si aboma, sukulu za pulaiveti, makampani a alonda ndi ena amakonda kulemba kuti munthu adzalandira gawo lakutilakuti la malipiro ake “akamaliza bwino kontrakiti”. Mawu amenewa amaika mpeni m'manja mwa munthu yemweyo amene adzayenera kulipira. Iye ndiye amagawa mashifiti, iye ndiye amasamutsa, iye ndiye amalemba makalata a chenjezo, ndipo iye ndiye amapindula ngati wantchito sanafike pa tsiku lomaliza. Sindikunena kuti bwana aliyense amatero. Ndikunena kuti mgwirizano wolembedwa chonchi umayesa munthu, ndipo bizinesi ikavuta ena amagwa m'mayeserowo.

Tsopano tibwerere ku kalata ija. Ndime 60 ya Employment Act imapatsa wantchito ufulu wosiya ntchito, ngakhale popanda notisi, ngati khalidwe la wolemba ntchito lafika poti sikungakhale kwanzeru kuyembekezera kuti munthuyo apitirize. Ndime 58 imati kusiya kotereku kumawerengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Maloya amakutcha constructive dismissal. Tanthauzo lake pa thumba la munthu ndi lalikulu: ngati khoti lavomereza kuti anakakamizidwa, ndiye kuti pamaso pa lamulo sanasiye, anachotsedwa, ndipo khomo la severance latseguka limodzi ndi la chipukutamisozi cha mu ndime 63. Pamwamba pa zonsezi pali ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko, yopatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera.

Koma pali chopinga chimene anthu ayenera kuchidziwa asanayambe kusangalala. Bwana akachotsa munthu poyera, ndime 57 imafuna kuti pakhale chifukwa chomveka ndiponso kuti munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza, ndipo ndime 61 imati ndi bwana amene ayenera kusonyeza chifukwacho. Akalephera, mlandu wamugwera. Munthu akasiya yekha n'kumati anakakamizidwa, zinthu zimatembenuka: ndime 61 yomweyo imati wantchito ndiye afotokoze chimene chinapangitsa kuti ntchitoyo isapiririke. Ichi ndicho chimene kalata yosiya ntchito imagulira bwana. Imamuchotsera udindo wopereka umboni n'kuusenzetsa munthu amene alibe fayilo, alibe loya, ndipo mboni zake ndi anzake omwe akudyabe kwa bwana yemweyo.

Makhoti athu amatchula kawirikawiri mlandu wa ku England wa chaka cha 1978, wa Western Excavating ndi Sharp, umene unati cholakwa cha bwana chiyenera kukhala chachikulu, chogwedeza mizu ya mgwirizano, ndiponso kuti wantchito asachedwe kwambiri kuchitapo kanthu, kuopa kuti angaoneke ngati wavomereza. Choncho si kusasangalala kulikonse kumene kumakwana. Bwana wolankhula mwaukali tsiku limodzi, kapena wosintha nthawi yoyambira ntchito pa zifukwa zomveka, sanachotse munthu. Koma kudula malipiro popanda mgwirizano, kusalipira miyezi ingapo, kutsitsa munthu pa udindo popanda mlandu, kumunyoza pamaso pa anzake mobwerezabwereza, kumufuna chibwenzi kenako n'kumuzunza atakana, kapena kumuuza kuti asaine pompo apo ayi apolisi ali panja, zimenezi ndi zimene khoti lingazimvere. Pali malo amodzi ovuta. Munthu amene walakwadi, umboni ulipo, ndipo wapatsidwa nthawi yosankha pakati pa kusiya ndi kukaonekera ku komiti ya mwambo, sangathamangire kunena kuti anakakamizidwa chabe chifukwa zosankha zonse zinali zowawa. Kusiyana kwake kuli pa izi: kodi mlanduwo unali weniweni, kodi anapatsidwa nthawi yoganiza ndi kufunsa ena, ndipo kodi mwayi wodziteteza unalipodi?

Nanga munthu akapambana, koma anali asanakwanitse nthawi ija? Apa ndi pamene ambiri amalonjezedwa zimene palibe. Khoti silingawonjezere miyezi pa kalendala. Wa miyezi 11 sasanduka wa chaka, ndipo severance yake imakhalabe kulibe. Wa kontrakiti ya zaka ziwiri amene anatulutsidwa pa mwezi wa 21 sanamalizebe kontrakiti. Chimene chimamupulumutsa ndi ndime 63, imene imati chipukutamisozi chikhale chimene khoti laona kuti n'cholungama poyang'ana zimene munthuyo wataya chifukwa cha zochita za bwana. Lamulo linaika poyambira pake: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka 5, masabata awiri kufika zaka 10, atatu kufika zaka 15, ndi mwezi wathunthu kupitirira apo. Amenewo ndi malire a pansi, osati denga. Gratuity imene ikanabwera patangotha miyezi itatu ndi chinthu chimene munthu wataya, chowerengeka mpaka pa tambala, ndipo iyenera kutchulidwa m'dandaulo kuyambira tsiku loyamba. Mfundo yake ndi yakale ndipo mfumu iliyonse ya kumudzi ingaivomereze: munthu sangatseke yekha njira kenako n'kumaimba mnzake mlandu woti sanafike. Khoti lilinso ndi mphamvu yolamula kuti munthu abwerere pa ntchito, ngakhale kuti pa bizinesi ya anthu asanu, pomwe bwana ndi wantchito amaonana maso ndi maso tsiku lonse, zimenezi sizikhala zophweka.

Kaya munthu wasiya yekha kapena ayi, pali zina zimene sizifa: malipiro a masiku amene wagwira, ndalama za masiku a tchuthi amene sanapite, ndi kalata yosonyeza kuti anagwira ntchito pamalopo. Tchuthi ndi masiku 18 pa chaka kwa wogwira masiku 6 pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Lamulo limati zotsala zonse ziperekedwe pasanathe masiku 7.

Kukakamiza kusiya si njira yokhayo yozembera. Ina ndi yodula ntchito m'zidutswa: kontrakiti ya miyezi 6 kapena 11, kupuma sabata ziwiri, kenako ina, kuti munthu asadzakwanitse chaka ngakhale wakalambira pamalopo. Ndime 28 inaiwoneratu njira imeneyi. Imati ngati kontrakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo a ntchito yokhazikika ya tsiku ndi tsiku, iwerengedwe ngati yopanda malire. Kwa ogwira ntchito za nyengo, ngati a m'minda ya fodya kapena ocheka matabwa ku Chikangawa, lamulo limati munthu akamabwerera kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana, nthawi yonse imene wagwiradi iphatikizidwe. Mzimba ikuidziwa bwino nkhani ya munthu wothamangitsidwa malipiro ali pafupi. M'nthawi ya matenanti, banja linkalima fodya chaka chonse likudya chimanga cha ngongole, ndipo mkangano ukabuka fodya ali m'zigafa, linkachoka chimanjamanja. Nyumba ya Malamulo inathetsa dongosolo la matenanti mu 2021, koma mtima wofuna kuti munthu achoke tsiku lowerengera lisanafike sunathe ndi lamulolo.

Pali mtundu wina wa ntchito umene ndi wa kuno kwenikweni. Nyumba zambiri zamalata ndi masitolo a pa Boma, ku Embangweni ndi ku Jenda zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Mwini ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mlonda ndi wogulitsa m'sitolo amalipidwa ndi mlamu kapena mng'ono wake, ndalama zikabwera pa Mukuru. Palibe kontrakiti, palibe pepala la malipiro. Ntchito ikamatha, imatha ndi uthenga wa mawu pa WhatsApp, kapena malipiro amangosiya kubwera mpaka munthu atatopa n'kuchoka. Kumeneko n'kukakamiza komwe, kungoti kulibe ofesi ndi tebulo. Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu pamaso pa lamulo, ndipo mauthenga a pa foni, a Airtel Money kapena a Mpamba osonyeza kuti ndalama yofanana inkabwera mwezi ndi mwezi akhoza kusonyeza tsiku limene munthu anayamba ndi zimene ankalandira. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini nyumba uja nayenso mwina ndi wantchito wa m'munda wa maluwa kapena wa mu lesitilanti amene akuopa zomwezo kumene aliko. Ku South Africa lamulo limazindikiranso kusiya kokakamizidwa, koma dandaulo liyenera kufika ku bungwe loona mikangano ya ntchito la CCMA pasanathe masiku 30, ndipo severance ya kumeneko imayambira pa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu. Amene alibe mapepala okhalira m'dzikomo kawirikawiri sayesa n'komwe.

Kwathu kuno nthawi ndi miyezi itatu. Ndime 62 imati munthu akadandaule kwa District Labour Officer pasanathe miyezi itatu chichotsedwere, ndipo ofesiyo ikalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizo pa mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court. Miyezi itatu imaoneka yambiri, koma imatha munthu akungoyendera lonjezo: bwerani Lachisanu, bwana apita ku Lilongwe, dikirani tigulitse kaye. Ofesi ya leba ili pa Boma, ndipo wochokera ku Khosolo, ku Mabulabo kapena ku Luwerezi amafunika ndalama ya ulendo imene munthu wongochotsedwa kumene ntchito alibe. Kaundula wa khoti la za ntchito wa chigawo cha kumpoto ali ku Mzuzu. Munthu akawerengera maulendo, malo ogona ndi kuimitsidwa kwa milandu, amapeza kuti K120,000 imene akuilondola idzathera pa msewu. Ndiye amalandira kochepa kamene bwana wamupatsa, akumadzitonthoza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pali chinanso chimene mabuku a malamulo sachiona. Pa tauni yaing'ono ngati Mzimba, bwana ndi mkulu wa mpingo wanu, kapena ndi wa kuchimuna kwa mlongo wanu, ndipo kumutengera ku leba kumaoneka ngati kuyalutsa mbumba. Anthu amasankha mtendere, ndipo mtengo wa mtenderewo amalipira ndi wosauka.

Maiko ena anayesa njira zosiyana. Ku India, lamulo la 1972 linaika zaka 5 ngati nthawi yoyenereza gratuity, ndipo malire aatali chonchi amabala mikangano yambiri ya anthu otulutsidwa zakazo zitatsala pang'ono kukwana. Anansi athu a ku Zambia, kungodutsa malire kupita ku Lundazi, anachita mwina mu Employment Code Act ya 2019. Wogwira ntchito pa kontrakiti yaitali amalandira gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake, ndipo kontrakiti ikathetsedwa nthawi isanakwane amalandira molingana ndi nthawi imene wagwira. Ine ndikuona kuti nzeru ili pamenepo. Ndalama ikamakula mwezi ndi mwezi, bwana sapindula kanthu potulutsa munthu kutatsala milungu isanu ndi umodzi, ndipo chifukwa chenicheni chomukakamizira chimatha chokha. Gratuity yathu ya 5 peresenti inamangidwa kale mwanjira imeneyi. Chotsala n'chakuti mfundo yomweyo ifikenso ku gratuity ya m'makontrakiti, kuti mawu oti “akamaliza” asamafafanize miyezi 21 ya thukuta.

Olemba ntchito nawo ali ndi mbali yawo, ndipo si yabodza. Amati gratuity ya kumapeto ndi njira yosungira munthu, makamaka mphunzitsi amene angachoke pakati pa teremu kapena dalaivala amene akangopeza pasipoti wapita ku Joni. Amatinso kuchotsa munthu wakuba mwa dongosolo kumadya nthawi, ndipo kumupempha kuti asiye n'kumuchitira ulemu. Mfundo yoyamba ingayankhidwe popatsa womaliza kontrakiti kena kowonjezera, osati polanda wosamaliza zonse. Yachiwiri ndiyo sindiivomereza. Ngati umboni ulipo, kumva mbali ya munthu kumatenga tsiku limodzi: kalata yomuuza mlandu, nthawi yokonzekera, mnzake womuperekeza, ndi chigamulo cholembedwa. Bwana amene wachita zimenezi saopa leba. Amene amathamangira pepala losaina pompopompo nthawi zambiri ndi amene akudziwa kuti mlandu wake sungapirire mafunso.

Kwa inu amene mwaitanidwa mu ofesi ndipo pepala lili patsogolo panu, palibe lamulo lokukakamizani kusaina tsiku lomwelo. Pemphani kuti mulitenge mukaliwerenge, kapena mulijambule pa foni. Ngati akufuna kuti muchoke, auzeni mwaulemu kuti akulembereni kalata yokuchotsani yokhala ndi chifukwa. Ngati zinthu zafikadi poti simungapirire, lembani nokha kalata yanu, m'chilankhulo chimene mumachidziwa, ndipo mutchule zifukwa ndi masiku ake: malipiro a mwezi wakuti sanabwere, pa tsiku lakuti ndinauzidwa zakuti. Musalembe kuti mukusiya pa zifukwa za kunyumba pomwe si zoona, chifukwa mawu amenewo adzawerengedwa mokweza m'khoti. Ngati mwasaina kale, lembani kalata ina mawa lomwe yonena kuti munasaina moopsezedwa, musunge kope lake, musafufute uthenga uliwonse pa foni, ndipo mufike ku ofesi ya leba pa Boma miyezi itatu isanathe, ngakhale bwana akulonjezabe kuti mubwere Lachisanu.